Kodi ndalama za kafukufuku za boma la America zingatukule kampani yaing'ono yopanga zipangizo zachipatala?

Namwino_Indiana

Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndabwera ndi funso limene ndikukhulupirira kuti ena mwa inu muli nalo yankho. Ine ndine namwino kuno ku Indiana, ndipo pamodzi ndi achimwene anga, amene ndi injiniya wa zamagetsi ku Blantyre, takhala tikupanga kachipangizo kopanira pa chubu cha diripi. Kamawerenga madontho, ndipo kamalira madzi akaima, akatha kapena akayamba kuthamanga kuposa muyeso. Aliyense amene anachezerapo mu wodi ya ana usiku akudziwa kuti namwino mmodzi sangaime pa bedi lililonse ndi wotchi m'manja. Kachipangizoka kakugwira ntchito patebulo, koma ndalama zathu zam'thumba zatha. Ndamva kuti boma la America limapereka ndalama kwa makampani ang'onoang'ono kudzera mu ndondomeko yotchedwa SBIR, ndipo akuti si ngongole. Kodi zimenezi ndi zoona? Nanga achimwene angawo angalipidwe ndi ndalama zimenezo ali kumudzi?

Tsabola_wa_ku_Boston

Achemwali, mwamva zoona, koma mwamva theka. SBIR inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1982 limene anasainira Pulezidenti Ronald Reagan. Lamuloli limanena kuti nthambi iliyonse ya boma imene imapereka madola opitirira 100 miliyoni pachaka ku kafukufuku wochitikira kunja kwa nthambiyo iyenera kupatulako gawo la makampani ang'onoang'ono, ndipo kuyambira mu 2017 gawolo ndi 3.2 peresenti. Pa zaumoyo, khomo lalikulu ndi National Institutes of Health, imene timangoitchula kuti NIH, ndipo imagawa ndalama zopitirira madola biliyoni imodzi pachaka m'njira imeneyi.

Ndalamazi zimabwera m'magawo. Gawo loyamba, Phase I, ndi la madola pafupifupi 300,000, ndipo ntchito yake ndi kusonyeza m'miyezi 6 mpaka chaka kuti ganizo lanu ndi lotheka. Gawo lachiwiri limafika pafupifupi madola 2 miliyoni pa zaka ziwiri. Gawo lachitatu, lokagulitsa katunduyo pamsika, lili ndi dzina lokha, chifukwa SBIR siikapo ngakhale senti. Simubweza ndalamazi, boma silitenga masheya m'kampani yanu, ndipo patenti imakhala yanu.

Tsono zoyenera kukwaniritsa ndi izi. Kampani iyenera kukhala yofuna phindu, yokhazikika ku America, ya antchito osapitirira 500, ndipo gawo loposa theka la umwini likhale m'manja mwa nzika za America kapena anthu a green card. Wotsogolera kafukufuku ayenera kukhala wolembedwa ntchito ndi kampaniyo kwa nthawi yoposa theka la nthawi yake yogwira ntchito. Pamenepa ndi pamene anamwino ndi madokotala ambiri amabwerera, chifukwa zikutanthauza kuchepetsa mashifiti amene akudyetsa banja.

Chitedze77

Madola 300,000 osabweza? Ine sindinaonepo boma lopatsa chomwecho. Pali chimene simukutiuza.

Tsabola_wa_ku_Boston

Bambo Chitedze77, chimene boma limapezapo n'chodziwika. Limakhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito lusolo pa zosowa zake popanda kukulipirani, limayembekezera kuti katunduyo azipangidwa makamaka ku America komweko, ndipo limadikira misonkho ndi ntchito zimene kampaniyo idzabweretse. Komanso ndalamazi si zoti munthu agulire galimoto. Dola iliyonse imakhala ndi mzere wake mu bajeti, maola a wantchito aliyense amalembedwa, ndipo phindu limene kampani imaloledwa kuikapo silipitirira 7 peresenti.

Mayi_Nachisale

Palibe amene wayankha funso lachiwiri, limene kwa ine ndiye lalikulu. Yankho lake ndi lowawa, mwana wanga. Lamulo limafuna kuti ntchito yonse ya kafukufukuyo ichitikire ku America. Pali kampata kakang'ono pamene chinthu china, kapena gulu la odwala amene akufunika pa kafukufukuyo, sichipezeka m'dzikomo, koma chilolezo chake chimaperekedwa mwa apo ndi apo, ndipo chimangokhudza kagawo kochepa ka ntchito. Odwala a pa diripi ku America aliko ochuluka, choncho simunganene kuti mukuwafuna ku Blantyre. Kuwonjezera apo, pamene Congress inkawonjezera nthawi ya ndondomekoyi mu 2022, inaikamo lamulo lakuti kampani iliyonse iulule maubale ake ndi mayiko akunja, kuphatikizapo eni masheya ndi mapangano a ndalama. Amene ankawaganizira kwenikweni ndi mayiko monga China ndi Russia, osati Malawi, koma fomu ndi imodzi kwa onse. Achimwene anuwo akhoza kukhala ndi masheya osafika theka, koma kulandira malipiro a ndalama zimenezi akuwotcherera mawaya ku Blantyre n'kovuta kwambiri.

Namwino_Indiana

Zikomo, Mayi Nachisale. Zandibaya ndithu, chifukwa luso lenileni la kachipangizoka lili m'manja mwa achimwene. Ine ndimangodziwa zimene namwino amafuna.

Injiniya_wa_Ndirande

Musadzichepetse choncho, achemwali, chifukwa kudziwa zimene namwino amafuna ndi theka la ntchitoyi. Koma ndiloleni ndikufunseni funso limene oweruza mapempho adzakufunsani pa tsamba loyamba: kodi mukudziwa kuti chipangizo chotere chilipo kale? Kampani ya Shift Labs ya ku Seattle inapanga DripAssist, imene imapanidwa pa diripi, imawerenga madontho, imayendera batire imodzi ya AA, ndipo inavomerezedwa ndi FDA, bungwe la boma la America loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala. Inali m'gulu la zinthu zimene USAID inazisankha pa mpikisano wofuna njira zolimbana ndi Ebola. Sindikunena izi kuti ndikugwetseni mphwayi. Ndikunena chifukwa SBIR salipira munthu kuti apange chinthu chotchipa chabe. Amalipira kuti muyankhe funso la sayansi kapena la uinjiniya limene silinayankhidwe. Ngati chanu chimatha kuwerenga bwino madontho pamene wodwala akugwedeza mkono, kapena pamene botolo lapendekeka, kapena chimatha kuchepetsa madzi chokha, limenelo ndiye funso lanu, ndipo pempho lonse limangidwe pa ilo.

Namwino_Indiana

Tikuidziwa, a Injiniya. Kusiyana kwake n'kwakuti chathu chimatumiza uthenga ku tebulo la anamwino, moti munthu mmodzi amaona mabedi onse nthawi imodzi, ndipo sichifuna intaneti.

Injiniya_wa_Ndirande

Pamenepo mwayamba kulankhula. Tsopano sandutsani zimenezo kukhala manambala: mabedi angati, mtunda wotani kudutsa makoma a njerwa, mauthenga abodza angati pa usiku umodzi. Alamu yolira pachabe anamwino amaizimitsa n'kuiika mu kabati, ndipo inu mukudziwa zimenezo kuposa ine.

Gogo_Mlangizi

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma poti ndinathandizapo makampani angapo kulemba mapempho otere ndisanapume pa ntchito, ndiloleni ndifotokoze mmene ulendowu umayendera, kuti mwana wathuyu asauyambe ndi chiyembekezo cholakwika.

Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi cha sayansi, kampani iyenera kulembetsedwa m'malo anayi: SAM.gov, Grants.gov, eRA Commons ndi kaundula wa makampani wa SBA, nthambi ya boma yoona za mabizinesi ang'onoang'ono. Zimenezi zokha zimatha kudya milungu 6 kapena kuposerapo, ndipo kusiyana pang'ono kwa adiresi pakati pa mapepala a msonkho ndi a boma kumakubwezani poyambira. Masiku olandirira mapempho ku NIH ndi atatu pachaka: 5 January, 5 April ndi 5 September. Mukatumiza mu September, ndalama sizingafike April asanakwane, ndipo zikatero ndiye kuti zonse zayenda bwino.

Pempho la gawo loyamba lili ndi tsamba limodzi la zolinga, lotchedwa Specific Aims, ndi masamba 6 ofotokoza kafukufukuyo. Tsamba limodzilo ndiye mtima wa zonse. Ndaonapo anthu akutha mwezi wathunthu pa tsamba limenelo, ndipo sanataye nthawi. Likakhala lokonzeka, litumizeni kwa mkulu woyang'anira ndondomekoyi m'nthambi imene mukuiganizira, monga NIBIB yoona za uinjiniya wa zachipatala, NINR yoona za kafukufuku wa unamwino, kapena NICHD yoona za umoyo wa ana. Anthu amenewa amayankha makalata, ndipo angakuuzeni msanga ngati mwagogoda pa khomo lolakwika. Ife Amalawi tili ndi kaulemu kena kotiopetsa kulembera akuluakulu a boma, koma kumeneko ndi ntchito imene anawalembera.

Kenako pempho limapita ku gulu la akatswiri. Aliyense amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 1 ndiye wopambana. Pafupifupi theka la mapempho silikambidwa n'komwe pa msonkhano. Amene amapeza ndalama za gawo loyamba kawirikawiri sapitirira awiri mwa khumi alionse. Chabwino chake n'chakuti ngakhale mwakanidwa mumalandira ndemanga zolembedwa za oweruzawo, ndipo mumaloledwa kukonza n'kutumizanso. Ambiri amene ndikuwadziwa anapambana ulendo wachiwiri, atameza mkwiyo n'kuyankha ndemanga iliyonse modekha.

Pa vuto la mashifiti, ganiziraninso za STTR, ndondomeko ina yofanana ndi SBIR imene inakhazikitsidwa mu 1992. Imeneyo imafuna kuti kampani igwirizane ndi yunivesite kapena bungwe lina la kafukufuku la ku America. Kampani imagwira ntchito yosachepera 40 peresenti, yunivesite yosachepera 30 peresenti, ndipo ku NIH wotsogolera kafukufuku akhoza kukhala wa ku yunivesiteko. Kwa munthu amene alibe labotale ndiponso sanatsogolerepo kafukufuku, imeneyi ndiyo njira yanzeru. Ku Indiana muli ndi Purdue ndi Notre Dame, ndipo mainjiniya akumeneko amafuna anamwino owauza mavuto enieni a mu wodi.

WaKuLeeds

Agogo afotokoza bwino. Kuno ku Britain kuli chinthu chofananako chotchedwa SBRI Healthcare, koma chimayenda mosiyana pa mfundo imodzi imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika. A NHS, amene amayendetsa zipatala za boma kuno, ndi amene amayamba kutchula vuto, mwachitsanzo kuchulukana kwa odwala ku chipinda cha ngozi kapena kuzindikira khansa msanga, kenako makampani amapikisana kuti alithetse. Gawo loyamba limafika mapaundi 100,000 pa miyezi 6. Ubwino wake ndi wakuti wopereka ndalama ndi yemweyo amene angadzagule katunduyo. Ku America, NIH imalipira kafukufuku koma sigula zipangizo za m'zipatala, choncho kampani imatsala yokha kukakopa zipatala ndi makampani a inshuwalansi. Komabe ndisakunamizeni, ngakhale kuno kupambana mpikisanowu sikutanthauza kuti chipatala chilichonse chigula, poti chilichonse chili ndi ofesi yake yogula katundu.

Chitedze77

Ndiye mwandivomereza. Ndalamazi zimangopindulira anthu odziwa kulemba. Ndinamva kuti pali makampani amene ntchito yawo ndi kulandira SBIR chaka ndi chaka popanda kugulitsa kanthu.

Mphunzitsi_wa_Zachuma

Bambo Chitedze77, dandaulo lanu si lachilendo, ndipo ku America komweko makampani otere anawapatsa dzina lonyoza lakuti SBIR mills. Ndi chifukwa chake lamulo la mu 2022 linakhwimitsa miyeso ya makampani amene alandira kambirimbiri, kuti azisonyeza zimene agulitsa kapena ndalama zimene akopa kwa ena. N'zoonanso kuti gawo lalikulu la ndalamazi limathera ku California ndi Massachusetts, kumene kuli mayunivesite akuluakulu ndi anthu oika ndalama m'makampani atsopano.

Koma kunena kuti sizithandiza n'kupitirira muyeso. Akatswiri a zachuma akhala akutsutsana pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Josh Lerner wa ku Harvard anapeza mu 1999 kuti makampani amene analandira SBIR anakula msanga kuposa anzawo, koma makamaka m'madera amene munali kale anthu oika ndalama. Scott Wallsten, mu 2000, anapeza kuti ndalama za boma zinkangolowa m'malo mwa zimene kampani ikadagwiritsa ntchito yokha. Kafukufuku amene ine ndimamudalira kwambiri ndi wa Sabrina Howell wa mu 2017, amene anayerekeza makampani opambana pang'ono ndi olephera pang'ono m'mipikisano ya unduna wa zamphamvu. Iye anapeza kuti kulandira gawo loyamba kunkachulukitsa pafupifupi kawiri mwayi wakuti kampani ipeze ndalama za anthu oika chuma, pamene gawo lachiwiri, ngakhale ndi lalikulu, silinaonetse kusintha kooneka. Kafukufukuyo sanali wa zaumoyo, koma phunziro lake ndi lomveka: ndalama zochepa zofika pa nthawi imene munthu akufuna kupanga chitsanzo choyamba zimachita zambiri.

Chitsanzo cha zaumoyo ndi Lift Labs, kampani yaing'ono imene inapanga supuni yothandiza anthu onjenjemera manja, monga odwala Parkinson, kuti azidya osataya chakudya. Inayamba ndi thandizo la NIH, ndipo mu 2014 inagulidwa ndi Google.

Chitedze77

Inagulidwa ndi Google. Nanga diripi ya ku Ntcheu adzaigula ndani?

Mkonzi_wa_Makina

Funso la bambo Chitedze77 likumveka ngati chipongwe, koma ndi funso lenileni, ndipo ine ndi amene ndimakhala nalo tsiku ndi tsiku. Ndimakonza zipangizo pa chipatala china chaboma kuno kumudzi. Kuseri kwa wodi yathu kuli chipinda chimene tinaunjikamo makina obwera ndi anthu akufuna kwabwino. Muli makina opopera mankhwala a diripi amene ali bwinobwino, koma amafuna machubu a kampani yawo yokha, amene sapezeka m'dziko muno. Muli makina othandiza kupuma amene anapsa tsiku limene magetsi anabwera mwamphamvu atazima. Muli ena amene buku lake linalembedwa m'chinenero chimene palibe amene amachiwerenga pano. Ndikatsegula chitseko chimenecho fumbi lokha ndi limene limandilonjera.

Choncho achemwali a ku Indiana, ngati mukuganizira zipatala zathu, yesani kachipangizo kanu ndi machubu a diripi a makampani osiyanasiyana, chifukwa amene amafika kuno amasinthasintha malinga ndi amene wapambana tenda. Ena amatulutsa madontho 20 pa mililita imodzi, a ana amatulutsa 60. Batire ikhale yogulika pa golosale. Chikasweka, chitseguke ndi sikuludiraiva wamba. Ndipo kumbukirani kuti wogula wamkulu kuno si namwino kapena dokotala, koma unduna wa zaumoyo, Central Medical Stores Trust, zipatala za CHAM ndi mabungwe othandiza. Ngati katundu wanu sali pa mndandanda wa zogula, anamwino akhoza kumukonda kwambiri koma osamuona.

Mayi_Nachisale

Apa ndi pamene pali mfundo yovuta. Oweruza a NIH amafuna kuona msika umene ungabweze ndalama, ndipo pempho la gawo lachiwiri limafuna masamba 12 ofotokoza mmene mudzagulitsire. Mukalemba kuti msika wanu ndi zipatala za m'maboma a ku Malawi, adzakuyamikirani mtima wabwino koma malikisi adzakhala oipa. Muyenera kupeza amene akufuna chipangizochi ku America: odwala olandira mankhwala a diripi kunyumba, malo osamalira okalamba, maambulansi, zipatala za ziweto, kapena nthawi ya ngozi zadzidzidzi pamene magetsi palibe. Koma mukapanga chinthu chokomera msika umenewo, mtengo wake ndi kapangidwe kake zimayamba kutalikirana ndi zimene bambo Mkonzi akunena.

Dokotala_wa_Ana

Pali chitsanzo chathu chomwe chimene chingatiphunzitse, ngakhale sichinadutse mu SBIR. Ndikunena makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma. Anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku Houston ndi madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital, kuphatikizapo Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi Dokotala Kondwani Kawaza, pamodzi ndi Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden a ku Rice. Chitsanzo choyamba chinkagwiritsa ntchito mapampu a m'mathanki osungiramo nsomba. Pa kafukufuku wa pa Queens amene anasindikizidwa mu 2014, ana 71 pa 100 alionse amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa amene analandira mpweya wa okosijeni wokha. Ndalama zokulitsira ntchitoyi zinachokera ku Saving Lives at Birth, mgwirizano wa USAID, boma la Norway, Gates Foundation, Grand Challenges Canada ndi boma la Britain, ndipo makinawa anafika m'zipatala za m'maboma.

Tsono taonani mbali ina ya nkhaniyi. Amene anatenga layisensi yopanga ndi kugulitsa ndi kampani yaing'ono ya ku California, 3rd Stone Design. Sindikuwadzudzula, chifukwa panafunika kampani yodziwa kupanga motsatira miyezo ya mayiko onse ndi kupeza ziphaso. Koma zikutisonyeza pamene ife timaimira. Vuto ndi lathu, odwala ndi athu, umboni unasonkhanitsidwa m'mawodi athu, koma fakitale ili kutsidya kwa nyanja. Ndi chifukwa chake ndimasangalala ndikaona ophunzira a uinjiniya wa zachipatala ku MUBAS ndi ku MUST, ndiponso ntchito ya NEST360 yophunzitsa amisiri okonza makina.

Injiniya_wa_Ndirande

Adokotala, ophunzirawo ndimawaona, ndipo luso ali nalo. Chimene alibe ndi madola ochepa oyambira aja amene aphunzitsi a zachuma atchula. Tili ndi National Commission for Science and Technology, imene imapereka thandizo la kafukufuku, koma ndalama zake ndi zochepa ndipo zambiri zimapita kwa aphunzitsi a m'mayunivesite. Mayiko a mu African Union analonjezana kuti azipatula 1 peresenti ya chuma cha dziko ku kafukufuku, koma ochepa kwambiri ndi amene anayandikirako. Nzeru ya SBIR si kuchuluka kwa ndalama, koma lamulo lakuti pa ndalama zilizonse za kafukufuku kagawo kena kapite kwa makampani ang'onoang'ono, chaka chilichonse, popanda kudikira chifundo cha nduna. Zimenezo tikhoza kuzitengera ngakhale thumba lathu ndi laling'ono.

Chitedze77

3.2 peresenti ya thumba lopanda kanthu ndi zingati? Ndipo ngakhale muwapatse makwacha, zipangizo zamagetsi amagula ndi madola amene ku banki kulibe.

Injiniya_wa_Ndirande

Pa madola mukunena zoona, bambo. Ine ndinadikirapo kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo kwa miyezi, osati chifukwa chodula, koma chifukwa panalibe njira yolipirira. Koma thumba si lopanda kanthu monga mukunenera. Ndalama zambiri za kafukufuku wa zaumoyo zimalowa m'dziko muno kuchokera kunja, ndipo funso ndi lakuti ndi zingati mwa izo zimene zimafika kwa munthu wopanga chinthu.

Mlongo_wa_ku_Jozi

Kuno ku South Africa anayesa njira yapakati. Kuli Technology Innovation Agency, imene imathandiza kusandutsa kafukufuku kukhala malonda, ndipo South African Medical Research Council ili ndi nthambi yothandiza zipangizo ndi mankhwala atsopano. Chitsanzo chodziwika ndi Umbiflow, kachipangizo kopangidwa ndi bungwe la boma la kafukufuku la CSIR koyeza kayendedwe ka magazi mu mchombo wa mwana ali m'mimba, kuti anamwino a m'zipatala zazing'ono azindikire mwana amene sakukula bwino. Luso linatheka, umboni unapezeka, koma kufalitsa kachipangizoka m'zipatala zonse kwatenga zaka zambiri. Choncho phompho la pakati pa kafukufuku ndi msika lili paliponse, ngakhale kumene boma laikapo ndalama.

Tsabola_wa_ku_Boston

Tibwerere kwa achemwali athu, poti nkhani yafika ku Pretoria iwo akadali ku Indiana. Pali chinthu china chimene sitinachikhudze mokwanira, ndicho FDA. Zipangizo zachipatala zimaikidwa m'magulu atatu malinga ndi kuopsa kwake. Zambiri za gulu lachiwiri zimadutsa njira yotchedwa 510(k), imene imafuna kuti musonyeze kuti chanu chikufanana mokwanira ndi china chovomerezeka kale. Apa kupezeka kwa DripAssist, kumene kumaoneka ngati tsoka, kukhoza kukuthandizani. Koma tsiku limene kachipangizo kanu kadzayambe kutsegula ndi kutseka madzi kokha, mafunso a chitetezo adzachuluka kwambiri. FDA ili ndi njira yofunsira maganizo awo musanatumize pempho lenileni, ndipo salipiritsa. Yambaninso lero kulemba mbiri ya kapangidwe: chimene munasintha, tsiku lake ndi chifukwa chake. Muyezo wa ISO 13485 umafuna zolemba zotere, ndipo kuzilemba pambuyo pa zaka ziwiri kuchokera m'mutu ndi chintchito.

Chenjezo lina ndi la alangizi olemba mapempho. Alipo abwino, koma mnzanga wina analipira wina ndalama zambiri n'kulandira pempho limene linali lokopera la kampani ina, dzina lokha ndi limene linasinthidwa. Musanalipire aliyense, pitani ku Small Business Development Center ya m'dera lanu, kumene uphungu ndi waulere. Onaninso kaye pa tsamba la NIH ngati mapempho akulandiridwa pa nthawiyo, chifukwa ndondomekoyi imadalira Congress kuiwonjezera nthawi, ndipo mu 2022 inasainidwa pa 30 September, tsiku lenileni limene inkatha.

Gogo_Mlangizi

Ndiwonjezere za achimwene a ku Blantyre, chifukwa sindikufuna kuti nkhaniyi idzagawanitse banja. Musanalembetse kampani, lembani pangano losonyeza amene anapanga chiyani. Pa patenti ya ku America, aliyense amene anathandiza kupanga ganizolo ayenera kutchulidwa, kaya ndi nzika kaya ayi, kaya ali ku Indiana kaya ku Chilomoni. Dzina lawo likhalepo, masheya awo alembedwe, ndipo ufulu wopanga ndi kugulitsa m'mayiko a kuno kwathu ukhoza kupatsidwa kwa kampani yawo ya ku Malawi kudzera m'pangano lapadera, ngakhale pamenepo mudzafunika loya wodziwa malamulo a SBIR. Ndalama za NIH zili ngati mbewu, osati ufa: zimalipira ntchito imene mwalonjeza m'pempho basi, ndipo sizidyetsa onse amene ali pakhomo. Ntchito ya ku Malawi muifunire thumba lina, monga Grand Challenges Canada kapena mipikisano ya Gates Foundation, amene amalandira mapempho ochokera m'mayiko ngati lathu.

Dokotala_wa_Ana

Ndipo chonde musayese kachipangizoka pa wodwala aliyense kuno, ngakhale pa m'bale wanu, popanda chilolezo. Kafukufuku wokhudza anthu amadutsa ku National Health Sciences Research Committee kapena ku COMREC, komiti ya ku sukulu ya udokotala ku Blantyre, ndipo za zipangizo mufunse ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Umboni wosonkhanitsidwa popanda chilolezo palibe amene adzaulandire, ndipo ukhoza kuipitsa dzina la kampani isanabadwe. Pali zambiri zimene mungachite osakhudza wodwala: kuika kachipangizoka pa mabotolo a madzi mu chipinda chophunzitsira, kuitana anamwino kuti akayese kukapana ndi dzanja limodzi atavala magolovesi, n'kumvetsera zimene akudandaula.

Namwino_Indiana

Ndathokoza nonse, makamaka agogo ndi bambo Mkonzi. Ndalankhula ndi achimwene, ndipo tagwirizana kuti tiyamba ndi pangano la umwini, kenako ine ndifufuza mphunzitsi wa uinjiniya kuno amene angalowe nafe mu STTR, chifukwa mashifiti sindingawasiye panopa. Iwo apitiriza kuyesa ndi machubu osiyanasiyana kumudzi ndi ndalama zathu. Funso limodzi latsala: kodi zotsatira za mayeso amene achimwene achita kale ku Blantyre tingaziike m'pempho ngati umboni woyambira?

Tsabola_wa_ku_Boston

Mukhoza kutero. Lamulo loletsa ntchito yakunja limakhudza ntchito yolipiridwa ndi ndalama zawo, osati imene munachita kale ndi ndalama zanu. Pa gawo loyamba umboni woyambira sukakamizidwa, koma oweruza amaukonda. Fotokozani bwino kumene mayesowo anachitikira, chubu chimene munagwiritsa ntchito, ndi sikelo imene munayezera madzi otuluka.

Mkonzi_wa_Makina

Achimwenewo akafuna machubu a mitundu yosiyanasiyana, auzeni asagule a pa famase imodzi yokha. Ayendere mafamase angapo a ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo pa paketi iliyonse alembe dzina la kampani yopanga ndi chiwerengero cha madontho pa mililita. Ayesenso kachipangizoka pafupi ndi windo masana dzuwa likuwomba, chifukwa m'mawodi athu ambiri mulibe makatani, ndipo kuwala kumeneko kumasokoneza diso lowerengera madontho.